Nsungwi, Mono ndi Khasu: Mbiri ya Asodzi a pa Chilwa

Msewu wochokera mumzinda wa Zomba kulowera kum'mawa umatsetsereka pang'onopang'ono, kudutsa minda ya chimanga ndi madambo a mpunga, mpaka kukathera pa doko la Kachulu. Ukaima pamenepo, chilumba cha Chisi chimaoneka patsogolo ndi mapiri ake, phiri la Zomba limatsalira kumbuyo, Mulanje ali kumwera, ndipo tsidya linalo ndi dziko la Mozambique. Imeneyi ndiyo Chilwa, nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, imene maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe amagawana. Mlendo wozolowera nyanja ya Malawi akafika kuno amayamba wadodoma. Mchenga woyera kulibe, madzi ndi otuwa ndi matope, m'mphepete monse mwazingidwa ndi udzu wa njedza, ndipo malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu.

Mitsinje yothira m'nyanjayi ndi yambiri: Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani, komanso Mnembo wochokera ku Mozambique. Wotulutsa madzi palibe ndi umodzi womwe. Madzi akalowa m'Chilwa amachokamo pouma ndi dzuwa ndi mphepo basi, n'kusiya mchere m'matope. Ndiye chifukwa chake amamveka kamchere pakamwa, makamaka m'chilimwe. Ngakhale David Livingstone, atafika kuno mu Epulo 1859 pamodzi ndi John Kirk, analemba za kuwawa kwa madziwa. Ndiye chifukwa chakenso mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nyanja imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka dothi long'ambikang'ambika. Makolo athu ankaidziwa nyanjayi kuti imachoka ndi kubwerera, ndipo zida zawo anazipanga akudziwa zimenezo. Wofuna kumva mbiri ya Chilwa asuzumire m'bwato la msodzi, aone zimene zalongedwamo.

Choyamba kuchiona ndi nsungwi yaitali. Ku Nkhata Bay kapena ku Likoma msodzi amadalira nkhafi, pakuti pansi pa nyanja ndi patali. Kuno pansi ndi pafupi. Msodzi amaima kumbuyo kwa bwato, kubaya nsungwi m'matope, kuitsamira n'kukankha, bwato n'kumapita. Nkhafi imakhalapo ndithu, yopalasira pa madzi oyera, koma m'njedza imangokodwa m'udzu. Tinjira ta m'madambomo, timene asodzi anatidula ndi zikwanje ndipo amatilambula chaka ndi chaka, ndi topapatiza moti mabwato awiri akakumana, wina amayamba wapatuka. Nsungwi yomweyo ndiyo nangula: ukafuna kuima umaizika m'matope n'kumangirirapo bwato. Yomweyonso ndiyo muyeso wa madzi. Msodzi wachikulire akaizula amayang'ana pamene palekeza kunyowa, ndipo amadziwa ngati nyanja yatsika poyerekeza ndi mwezi watha. Kuphwa kwa Chilwa kumayamba kuoneka pa nsungwi kusanafike pa gombe.

Bwato lenilenilo silinkabadwira m'dambo, chifukwa m'dambo mulibe mitengo. Mbawa ndi mitondo ikuluikulu inali m'tsinde mwa mapiri a Zomba, Chikala ndi Mulanje, komanso m'mphepete mwa mitsinje. Mmisiri ankagona m'nkhalango masiku ambiri, nkhwangwa ndi kasemasema zili m'manja, kufukula mtima wa mtengo mpaka utasanduka bwato. Kulitsitsira kunyanja sinali ntchito ya munthu mmodzi. Mwini wake ankafulula mowa, amuna a m'mudzi n'kulikoka ndi zingwe akuimba, kuligudubuza pa zipika. Bwato lopezeka movutikira chotero silinkatayidwa msanga. Likang'ambika ankalimata ndi nsanza ndi phula, kenaka ndi tizidutswa ta malata, ndipo masiku ano ena amasungunulirapo pulasitiki. Bwato lakale limadziwika ndi zigamba zake. Ndipo palibe bwato, kaya latsopano kaya lakale, limene limanyamuka popanda chokapira madzi. Kale chinali chipanda, lero ndi chigubu chodula pakati. Ife amene tinakulira m'midzi ya m'mbali mwa Likangala timakumbuka kuti ntchito yoyamba ya mnyamata m'bwato la amalume ake inali imeneyo: kukhala pansi pakatikati, osagwedezeka, n'kumakapa.

Chida chachikulire koposa pa Chilwa ndi mono. Amauluka ndi nsungwi zong'amba kapena bango, kukamwa kwake kotambalala kunja koma kopanikiza mkati, kuti nsomba ikalowa isaonenso potulukira. Msodzi amatchinga kanjira ka madzi ndi mpanda wa bango, kusiya mipata, n'kutchera miono m'mipatamo. Ena amangoibisa m'njedza ataikamo nyambo ya madeya. M'mamawa amapita kukavuula. Mono suthamangitsa nsomba, umangodikira. Mipata ya pakati pa nsungwi zake imalola tiana ta nsomba kudutsa, n'kutsala zazikulu zokha. Kuonjola mono wa mnzako unali mlandu wokafika nawo kwa anyakwawa, pakuti aliyense ankadziwa malo ake ndi malo a mnzake, ngakhale pamadzi palibe malire ooneka.

Ubwino wina wa mono unkaoneka nyanja ikaphwa. Munthu amene chuma chake chonse chinali miono makumi awiri sankalira kwambiri madzi akachoka. Ankaisiya iwole, ndipo madzi akabwerera ankadula nsungwi zina n'kuluka yatsopano. Chida chotsika mtengo, chopangidwa ndi zomera pakhomo, chinkagwirizana ndi nyanja yosadalirika. Nzeru imeneyi ndiyo inasunga mabanja a kuno kwa mibadwo yambiri.

Nsomba zimene zimadyetsa anthu a pa Chilwa ndi zitatu: matemba, makumba ndi mlamba. Mchere ndi matope a nyanjayi sizilola mitundu yambirimbiri ngati ya m'nyanja ya Malawi, koma itatu imeneyi ndi yopirira ndipo imaswana msanga. Iliyonse ili ndi chida chake. Mlamba, wokonda matope ndi mdima, amamugwira ndi mbedza. Pali mbedza zambiri zomangirira pa chingwe chimodzi chachitali, ndipo pali chomanga, mbedza imodzi imodzi yomangirira ku mtengo kapena ku bango n'kuisiya usiku wonse ili ndi nyambo. Makumba amakodwa m'matchera, maukonde otchera madzulo n'kukaonjola kukacha. Matemba, poti ndi ang'onoang'ono ndipo amayenda m'magulu, ankagwidwa ndi miono yolukidwa mothinana, ndipo pambuyo pake ndi khoka.

Mbiri ya ukonde ndi mbiri ya ulusi. Agogo athu ankasenda khungwa la bwazi ndi chopwa, kulipala, kuliyanika n'kulipota pa ntchafu mpaka litasanduka chingwe. Ukonde umodzi unkatha miyezi. Unkawola msanga, choncho unkafunika kuuyanika tsiku lililonse ndi kuusoka kosalekeza, ndipo munthu sakanatha kukhala ndi maukonde ambiri ngakhale akanafuna. Zoyandamitsa zinali timitengo topepuka, zomiza zinali miyala kapena dongo lowotcha. Galimoto zitachuluka m'dziko muno, cha m'ma 1940 ndi m'ma 1950, asodzi anatulukira kuti m'matayala akutha muli ulusi wolimba, ndipo anayamba kuwang'amba n'kumasolola ulusiwo. Kenaka kunabwera nayiloni, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1960. Nayiloni sawola, sawoneka bwino m'madzi, ndipo amagulidwa wolukaluka. Kuyambira pamenepo kukula kwa ukonde wa munthu kunaleka kudalira kuleza mtima kwa manja ake, n'kuyamba kudalira ndalama za m'thumba mwake.

Bwato pa Chilwa silinali la usodzi wokha. M'zaka za m'ma 1800, pamene nkhondo zogwira akapolo ndi nkhondo za Angoni zinabalalitsa midzi ya kumtunda, anthu ambiri anathawira ku Chisi ndi m'madambo, kumene adani osadziwa tinjira ta m'njedza sakanatha kuwalondola. Amene anali ndi bwato ndi nsungwi anapulumutsa banja. M'mphepete mwa nyanja amayi ankakokola dothi la mchere, kulisefa ndi madzi m'mbiya zobowola pansi, n'kuphika madziwo mpaka mchere utatsala. Mchere ndi nsomba zouma ankasinthanitsa ndi mapira, makasu ndi nsalu. Anyanja anali kale pano, Ayao anadzakhazikika mbali ya kumpoto ndi kumadzulo, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Alomwe anayamba kulowa kuchokera ku Mozambique, n'kudzaza chigwa cha Phalombe. Onsewa anakumana pa madoko, kuphunzitsana kuluka mono ndi kutchera mbedza, n'kukwatirana.

Chimene chinasandutsa usodzi wa pa Chilwa kukhala malonda aakulu ndi njinga yakapalasa. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje inali ndi antchito zikwizikwi ofuna ndiwo, chimodzimodzinso matauni a Zomba, Limbe ndi Blantyre. Munthu wosenza dengu pamutu ankafika kumeneko nsomba zitayamba kuwonongeka, koma wa njinga ankamangirira dengu lalikulu pa kaliyala n'kukafika msika usanathe. Matemba oyanika pa dzuwa ndi milamba yowamba pa moto zinakhala ndiwo za munthu wamba m'chigawo chonse cha kumwera. Chiwerengero cha asodzi chinakwera, ndipo madoko monga Kachulu, Mchenga, Mposa, Namanja ndi Swang'oma anasanduka timatauni.

Kenaka kunadza 1968. Madzi anali atayamba kutsika zaka zingapo m'mbuyomo, mchere n'kumachuluka, mpaka makumba anayamba kufa okha n'kumayandama. Pofika kumapeto kwa chakacho nyanja inali itauma, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi. Akuluakulu amene anaona zimenezi amasimba za mabwato atagona pa dothi louma kutali ndi madzi, za fungo la nsomba zowola, ndi za fumbi loyera louluka pamene panali mafunde. Asodzi ena ananyamula maukonde kupita ku Chiuta, ku Malombe ndi ku nyanja ya Malawi. Ena anatsala. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi, amene anali atayamba kufufuza za nyanjayi mu 1966, anaona kuphwa kwake ndi kudzaza kwake komwe, ndipo zimene anapeza zili m'buku limene Margaret Kalk ndi anzake anatulutsa mu 1979. Anatsimikiza zimene anthu a kuno ankazidziwa kale: nsomba sizinathe. Zinabisala m'maiwe otsalira m'mitsinje ndi m'zithaphwi za m'madambo, ndipo mvula itagwa mu 1969 zinatsika ndi madzi n'kudzazanso nyanja. Mlamba ndiye anayamba kuchuluka, matemba n'kutsatira, makumba n'kubwera pambuyo. Madzi saiwala khwawa, ndipo nsomba nazo sizinaiwale kwawo.

Amene anatsala mu 1968 anapulumuka ndi chida china chimene mlendo sachiwerengera pa zida za msodzi, ndicho khasu. Madzi akabwerera m'mbuyo amasiya dothi lachinyontho ndi lachonde, ndipo anthu amalitsatira n'kubzalamo mpunga, chimanga ndi ndiwo zamasamba. Masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi, amene anatsegulidwa cha m'nyengo yomweyo, analimbikitsa ulimi umenewu. Ena ankatchera mbalame za m'madzi, atsekwe ndi abakha, n'kumagulitsa. Msodzi weniweni wa pa Chilwa sanakhalepo msodzi chabe. Chaka cha madzi ambiri khasu limagwiridwa ndi amayi ndi ana iye ali panyanja. Chaka chouma amalinyamula yekha. Banja limene linagulitsa munda kuti ligule khoka ndilo linkavutika koposa madzi akachoka.

Nyanja itadzazanso, zaka zotsatira zinali za mwanaalirenji. Nyanja yodzaza kumene imakhala ndi chakudya chambiri cha nsomba, chifukwa udzu ndi ndowe za ng'ombe zimene zinali pa dothi louma zimawolera m'madzi. M'zaka zabwino Chilwa inkatulutsa matani oposa 20,000 a nsomba, ndipo mwa nsomba zinayi kapena zisanu zogwidwa m'dziko muno, imodzi inkachokera kuno. Njanji ya ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970 n'kudutsa pa mtunda wa mchenga wolekanitsa Chilwa ndi Chiuta, inapatsa madoko a kumpoto njira ina yopitira kumsika. Maboti a matabwa anayamba kuchuluka, okhoza kunyamula khoka lalikulu ndi anyamata olikoka, ena n'kuikidwa injini kuti azinyamula anthu ndi katundu pakati pa Kachulu, Chisi ndi tsidya la kum'mawa. Apa ndipo panabadwa kusiyana kwa mwini khoka, amene amatsala pa doko kudikira ndalama, ndi anyamata amene amakesa m'madzi kuti agawane chotsala.

Poti nsomba zimakonda m'mphepete mwa njedza, kutali ndi mtunda wouma, kupita ndi kubwera tsiku lililonse kunkatha mphamvu ndi nthawi. Choncho asodzi anamanga misasa pamadzi pomwepo, zimene timazitcha zimbowera. Amasankha malo pamene udzu wathithikana, kuupinda, kuwunjikapo udzu wina wodula mpaka patakhala pokhoza kupondapo munthu, n'kumangapo kanyumba ka bango ndi udzu, masiku ano kofolera ndi pepala la pulasitiki. Pansi pamatitimira ukamayenda, ndipo udzu wa pansi ukawola amawonjezera wina pamwamba. Chimbowera chimakwera ndi madzi n'kutsika ndi madzi. Nyanja ikasuntha, eni ake amachisiya n'kukamanga china kumene kwapita nsomba, osataya kanthu kupatula thukuta. Mutu umodzi susenza denga, choncho zimbowera zimamangidwa moyandikana, ndipo pakati pake pamakhala tiirumu, pogulira tiyi, sikono, sopo ndi fodya, pomvera wailesi ndi nkhani za kumudzi.

Mwamuna wopita ku chimbowera amakakhala masabata, ena miyezi, ndipo kulongedza kwake ndi mwambo umene mkazi aliyense wa m'midzi ya kuno amaudziwa. Thumba la ufa limakulungidwa m'pulasitiki kuti lisanyowe. Mchere, poto, mthiko, mbale ndi kapu zimalowa m'dengu. Machesi amasungidwa m'kabotolo kotseka bwino, pakuti machesi onyowa pakati pa nyanja ndi njala. Mpeni ndi chikwanje sizitsala, chimodzimodzinso singano yosokera ukonde ndi mpukutu wa ulusi, popeza mlamba wamkulu akang'amba matchera sungadikire kuti ukasokere kumtunda. Mkeka ndi bulangete ndi za usiku wa Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kwa pamadzi kumalowa m'mafupa. Neti yotchinga udzudzu ndi yosasiyika, chifukwa dzuwa likangolowa m'njedza mumachita kulira. Kale ankaunikira koloboyi, lero ndi tochi yotchaja ndi dzuwa. Pomaliza pamakwera mtolo wa nkhuni, katundu wolemera ndi wodula kuposa onse, chifukwa pamadzi sipamera mtengo. Moto amausonkha pa matope owunjika kapena pa lata lakale kuti usagwire udzu wa pansi, ndipo pa moto womwewo ndi pamene amaphikira nsima ndi kuwambira nsomba zodikira ogula.

Mu 1995 nyanja inaphwanso, ndipo nthawi imeneyi anthu anali atachuluka kwambiri kuposa mu 1968. Njala inawatumiza ku maiwe a m'mitsinje, kumene nsomba zotsala zinabisala. Ena anapita ndi makoka, ena ndi katupe, chomera chimene chikasinjidwa n'kuthiridwa m'dziwe chimapha chilichonse chopuma m'madzimo. Akanapitiriza, mbewu ya nyanja yonse ikanathera m'miphika ya chaka chimodzi. Mafumu a m'mbali mwa nyanja ndi a m'mitsinje anakhala pansi ndi a nthambi ya boma yoona za usodzi, n'kugwirizana zoletsa katupe ndi makoka m'mitsinje. M'midzi munasankhidwa makomiti olondera maiwe. Anthu anjala analondera nsomba zimene akanatha kudya, ndipo madzi atabwerera nsomba zinabwereranso. Pa zonse za m'mbiri ya Chilwa, ichi ndicho ndimanyadira nacho koposa. Makomiti a pa madoko anakula kuchokera pamenepo, lamulo latsopano la za usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu eni ake azitenga mbali posamala nsomba, ndipo chapanthawi yomweyo Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Kutseka usodzi wa makoka m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala, pamene nsomba zikuswana, kunakhazikika.

Koma chida chimene chikutisowetsa tulo lero chinalowa mwakachetechete. Khoka la matemba linayamba kusokereredwa gozi waya, uja wotchingira mawindo, kenaka maneti a udzudzu amene amagawidwa kuti ateteze amayi ndi ana ku malungo. Khoka lotere limasefa nyanja ngati mayi akusefa ufa: madzi okha ndiwo amadutsa. Limakokolola tiana ta makumba tosakwana chala, mazira, ndi udzu umene nsomba zimaswaniramo. Kwafikanso nkacha, khoka lozinga pakati pa madzi lochokera ku Malombe, nyanja imene chambo chake chinatha anthu akuona. Sindikunyoza mnyamata wokoka khoka lotere. Ndimamudziwa: munda wa makolo ake unagawidwa mpaka kutsala kachigawo kosakwanira, sukulu analekera panjira, ndipo kunyumba kuli ana ofuna phala. Koma chifundo changa pa iye sichisintha zimene khokalo likuchita. Mono wa agogo ake unkasiya nsomba za mawa popanda wowalamula, chifukwa unalukidwa motero. Khoka la neti silisiya kanthu, ndipo woyamba kugona ndi njala chaka chamawa adzakhala mnyamata yemweyo.

Palinso zida zimene sizinalowe m'bwato la msodzi pamene zinayenera kulowa. Pa chimbowera madzi akumwa ndi a m'nyanja, ndipo chimbudzi ndi nyanja yomweyo. N'chifukwa chake kolera wabwera mobwerezabwereza pa Chilwa, ndipo kawirikawiri amayambira kwa asodzi a m'zimbowera, amene chipatala chili kutali nawo maola ambiri okankha nsungwi. Mliri umene unayamba kumapeto kwa 2015 unachititsa Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi a Médecins Sans Frontières ndi mabungwe ena, kupereka katemera wakumwa kuzungulira nyanjayi kumayambiriro kwa 2016. Asodzi a m'zimbowera, pafupifupi 6,000, anali ovuta kuwapeza kawiri, choncho ambiri anamwa katemera woyamba pamaso pa azaumoyo n'kupatsidwa wachiwiri kuti akamwe okha patapita masabata awiri. Azaumoyo anawakhulupirira, ndipo njirayo inatheka. Phunziro lake ndi lakuti msodzi sakana chomuteteza chikamufika m'manja. Chigubu cha madzi abwino, mankhwala a klorini othira m'madzi, ndi timapaketi ta Thanzi ORS ndi katundu wopepuka kuposa mtolo wa nkhuni, ndipo ayenera kukhala pa mndandanda wa mkazi wolongedzera mwamuna wake, pambali pa ufa ndi mchere.

Chimodzimodzinso jekete yoyandamitsa. Anthu amanyozera Chilwa poti ndi yosaya, koma mwera ukawomba m'miyezi yozizira mafunde ake amakhala aafupiafupi ndi oima, omenya bwato motsatizana osalipatsa mpata. Matope a pansi ndi ofewa, moti munthu akagwa sapeza popondapo. Maboti odzaza anthu, matumba a mpunga ndi njinga amirapo pa nyanjayi, ndipo midzi ya kuno yalira maliro amene jekete ikanaletsa. Asodzi akale ankawerenga mitambo ya pa Mulanje ndi kayendedwe ka mphepo, n'kudziwa tsiku losayenera kunyamuka. Nzeru imeneyo ikufunikabe, koma siikwanira pa boti lonyamula amayi ndi makanda amene sanasankhe okha nthawi yonyamukira. Foni ya m'manja, yokulungidwa m'kapulasitiki, yathandiza kale: msodzi amamva mtengo wa matemba ku Limbe asanagulitse, ndipo injini ikafa amaitana anzake. Jekete nayo iyenera kuzolowereka chomwecho, mwini boti aliyense aziiona ngati gawo la boti lake.

Nkhuni zowambira nsomba nazo zili ndi mlandu wake. Mapiri a Chisi ndi Chikala, amene kale anali ndi nkhalango, anayera, ndipo mitengo yosemera mabwato inasowa mpaka amisiri anayamba kugwetsa mango. Mapiri akayera, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira m'mitsinje, mitsinje n'kulitula m'nyanja, nyanja yosaya kale n'kumakwiririka. Kuyambira mu 2010, ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, imene inayendetsedwa ndi LEAD ya ku Chancellor College, WorldFish ndi a kafukufuku wa za nkhalango ndi thandizo la dziko la Norway, inabweretsa nyumba za pulasitiki zoyanikiramo nsomba ndi dzuwa komanso mauvuni osatha nkhuni. Magulu a amayi a pa Kachulu anazilandira, ndipo matemba awo amatuluka oyera, opanda mchenga ndi ntchentche. Chida chatsopano sichoipa chifukwa ndi chatsopano. Funso lofunsa chida chilichonse ndi limodzi: kodi chikatha ntchito yake, chimasiya chiyani?

Mu 2018 tinaonanso maboti atagona pa dothi ku Kachulu, anthu akukumba ngalande m'matope kuti akafike pamene pali madzi, njinga zamoto zikuyenda pamene pankayenda mabwato. Mu Malichi 2019 mvula ya namondwe wa Idai inadzazanso nyanja, ndipo mu 2023 namondwe wa Freddy anaisefukiritsa mpaka kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete. Wobadwa cha m'ma 1960 waona kale nyanjayi ikuuma katatu. Idzaumanso, ndipo palibe mfumu kapena nduna imene ingaletse zimenezo. Chimene chili m'manja mwathu ndi chakuti ikadzabwerera idzapeze mbewu m'maiwe, njedza ili chilili, ndi asodzi ali moyo.

Udindo umenewu si wa anthu a pa madoko okha. Khoka la neti limakokedwa chifukwa kumtunda kuli wogula. Inu amayi ndi abambo amene mumaima pa benchi ya nsomba mumsika wa Zomba, wa Limbe kapena wa Lunzu, yang'anani bwino mulu umene mukugula. Ngati mwa matembawo mwadzaza tiana ta makumba, dziwani kuti mukugula ndiwo za chaka chamawa za ana a ku Chisi, ndipo muli ndi mphamvu yokana. Mafumu athu, limbani mtima monga anachitira anzanu mu 1995, ndipo chindapusa chisamasankhe nkhope ya mwini khoka wolemera. A boma, klorini ndi majekete zifike pa madoko mliri kapena ngozi isanachitike. Ndipo inu agogo amene manja anu akudziwabe kung'amba nsungwi ndi kuluka mono, itanani adzukulu akhale pambali panu aphunzire, pakuti chaka chimene makoka adzagone pa dothi louma, luso limenelo ndi khasu ndizo zidzawadyetse.